Maluwa a Dona ku Manda a pa Pulazi

Bwerani kuno kumthunzi, ana inu, mubwere ndi lichero la mtedzalo, manja azisenda makutu akumva. Iwe Tendai, kafoniko ika m'thumba, sikathawa. Dzulo ndinamva bambo anu akunong'onezana ndi azakhali anu kuseri kwa khitchini, akuti kodi gogo akadzatisiya tidzawaika kuti, ku Ruwa kapena pano pa pulazi? Amayesa makutu anga anafa. Anatha ndi mano okha. Ndiye poti iwo akuchita manyazi kundifunsa, ndiuza inu, mukawafotokozere. Ine ndikufuna kudzagona pambali pa agogo anu aamuna, a Sitefano. Kunena n'kosavuta. Chovuta n'chakuti sindikudziwa bwinobwino pamene agona, ndipo amene anandisokoneza kaya ndi mbalame, kaya ndi boma ndi ndalama zake, mpaka lero sindinapeze.

Ine ndinabadwira pano pomwe, m'komboni yakale imene inali kuseri kwa mabalani a fodya aja mukuwaona atagumuka. Makolo anga anachokera ku Dedza wapansi, kudzera ku Tete, atasenza mphasa ndi kampoto. Ankati akudzagwira ntchito pang'ono, agule njinga ndi bulangeti, abwerere kwawo. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma mame athu ife dzuwa linawaiwala. Njinga inagulidwa, inatha, ina inagulidwa, ku Dedza osapitako.

Inu mukamva kuti pulazi mumaganiza timinda iti, uyu kake, uyo kake. Kale unali munda umodzi kuchokera kumtsinje mpaka kumsewu wa ku Raffingora, mwini wake mzungu mmodzi. M'mawa kapitao ankamenya chidutswa cha njanji chopachika pamtengo, ndipo tonse tinkathamanga, ena akumanga nsalu m'njira. Loweruka tinkafola ndi timatumba kukalandira poso: ufa, nyemba zofumbwa, timatemba ndi mchere. Nyemba zimenezo ukaziviika anankafumbwe ankayandama pamwamba, amayi n'kumati musataye, nyama yake ndi yomweyo. Iwe Chipo ukukwinyiranji nkhope? Si iwe unakana sadza dzulo chifukwa choti ndiwo zinali zogona?

Kunyumba yaikulu kunali mpanda wa maluwa umene dona, mkazi wa mzunguyo, ankaunyadira kwambiri. Timaluwa take tinali tating'onoting'ono, tounjikana, tachikasu pakati, tofiirira m'mbali, ndipo sitinkadziwa chilimwe kapena dzinja, tinkangophuka. Masiku ano mumati lantana, anzathu a Chishona amati mbarapati, koma ife m'komboni tinkati maluwa a dona. Tizipatso take tikada tinkadya mpaka milomo bii, amayi n'kutikwapula. Ntchito ya amayi anga inali kuthirira mpandawo ndi kudula nthambi zokabzala pena. Ntchito ya abambo anga, miyezi yopanda fodya, inali kuzula chitsamba chomwecho kumadambo odyetsera ng'ombe, chifukwa mzungu ankati chimapha ng'ombe ndipo boma silichifuna. Ndiye taonani: amayi poso wothirira, abambo poso wozula, madzulo awiriwo n'kudyera mbale imodzi. Ndili kamtsikana ndinafunsa kuti kodi chitsambachi n'chabwino kapena n'choipa. Abambo anati zimatengera mbali ya waya imene chamera. Sindinamvetse, ndipo nanunso musayembekeze kuti pofika kumapeto kwa nkhaniyi mumvetsa.

Manda athu anali kumapeto kwa dambo la ng'ombe, pakati pa chulu chachikulu ndi mtengo wa musasa. Mzungu anatipatsa malowo koma anakana simenti, ankati munda wake si tauni. Amayi ankatiuza kuti kwawo ku Dedza kumutu kwa manda ankabzalako nkhadze kuti anthu asaiwale. Kuno nkhadze inali yosowa, ndipo ng'ombe zinkapondaponda mitumbira mpaka kuisalaza. Ndiye azimayi a m'komboni anapeza nzeru. Munthu akaikidwa, mkazi wake kapena mayi wake ankathyola kanthambi ka maluwa a dona n'kukazika kumutu. Kali ndi timinga, ng'ombe sizigonapo, sikafuna kuthirira, komanso kamakongoletsa. Unasanduka mwambo wathu ndithu, ndipo mkazi wosazika kanthambi anthu ankamunena kuti sankamukonda mwamuna wake. Aliyense ankadziwa chitsamba chake. Chaka ndi chaka mvula isanagwe tinkapita tonse kukalambula, kudulira nthambi ndi kuzula tina timene tamera posayenera, pobwerako n'kumwa thobwa.

Agogo anu a Sitefano anali osonkha moto m'mabalani. Anali munthu wamfupi, mkulu wa mpingo, mowa osaununkhiza n'komwe. Kulankhula ndiye ankachita ngati mawu amagula. Tsiku limene anandifunsira ndinachita kukafunsa mnzanga ngati kumeneko kunali kufunsira kapena ankangonena za mvula. Utsi wa m'mabalani unawadya chifuwa pang'onopang'ono. Atagona pamphasa, tsiku lina anandiitana n'kunena kuti, "Anambewe, ine kwathu sindikudziwako, inunso simukudziwako. Kwathu kudzakhala pamene tidzagone awirife." Chikwatiraneni anali asanalankhulepo mawu ochuluka chotero, ndipo mawu amenewo ndi amene akundivutitsa lero.

Anamwalira m'dzinja, mvula ikukhuthuka. Tinawaika kufupi ndi chulu. Ndinazika kanthambi kanga, n'kuikapo chibanthu cha njerwa ya kumabalani kuti kasagwe. Dzinja lomwelo anamwaliranso a Laisoni, oyendetsa thirakitala, amuna a mnzanga Nankhoma. Amenewo ndiye anali chidakwa cha komboni yonse. Akamwa chikokiyana, mowa uja wophika lero kumwa mawa, ankatukwana ndi nkhuku zomwe. Iwo anawaika mbali ina, cha kumtengo wa musasa, kutali ndithu ndi agogo anu.

Chakudza sichiimba ng'oma. Nthawi yolambula manda isanakwane n'komwe, zinafika zaka za jambanja, pamene mapulazi analandidwa. Mzungu anapita, komboni inabalalika. Ena anawolokera ku Mozambique, ena anakakumba golide ku Arcturus, ine ndinakakhala kwa azakhali anu ku Ruwa, kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Nankhoma anakakhala kwa mkamwini wake tsidya la damu. Manda akanalambula ndani? Moyo wa m'tauni utandikwana, kugula madzi, kugula nkhuni, kugula ndi moni yemwe, ndinabwerera kuno patapita zaka ndithu. Ndinapeza munda utagawidwa, ndipo chigawo chokhala ndi manda chinagwera a Gwenzi, omwe aja ndimawagwirira maricho, ganyu wopalira, mpaka lero.

Manda sindinawaone. Ndinaona nkhalango ya maluwa a dona yotalika kuposa denga ili, yolukanalukana moti ngakhale galu sakanalowa. Inatsika mpaka kumtsinje, inakwera mpaka kumsewu. A pumbwa ankangodya tizipatso tija n'kumakanyera paliponse, pamene anyera pamera. Mtengo wa musasa anali atadula kuwotchera fodya. Ndinatenga chikwanje n'kuyamba kutsegula kanjira kokwawa, manja onse magazi okhaokha. Nditalowa ndinapeza zulu zili ziwiri. Ndinasankha chimene chinkaoneka chachikulu, ndinakwawa cha kumadzulo kwake, ndipo ndinapeza tsinde lonenepa, pambali pake chibanthu cha njerwa. Mtima unati ndi pano. Ndinalira tsiku limenelo kuposa tsiku la maliro.

Kuyambira pamenepo ndinkapitako kawirikawiri. Ndinkasesa, kupemphera, n'kuwauza nkhani zanu, kuti Tendai wabadwa ndi makutu aakulu ngati awo, kuti Chipo wayamba sukulu. Lamulungu la kanjedza ndinkawasiyira kamtanda. Nthawi zina ndinkapeza pali poyera kale, pansi pakununkha mowa, kachitini kali potero. Ndinkati ndi anyamata okumba golide amabisalamo, ndipo ndinkapepesa kwa agogo anu kuti anthu akuwanunkhitsa zimene ankadana nazo.

Chaka china kunabwera galimoto ya boma ndi mtsikana wovala chipewa chachikulu, mudhumeni, mlangizi wa zaulimi uja. Anatisonkhanitsa pasukulu n'kunena kuti boma latulutsa ndalama zothana ndi zomera zobwera zimene zikulanda nthaka. Anati lantana si wakuno, anachita kubwera naye azungu kuchokera kutali kuti awagwirire ntchito ya mpanda, ndiye wachulukana, akutha malo a eni nthaka. Ife a m'komboni, amene anzathu amatitcha Mabhurandaya, kunena kuti obwera, tinangoyang'ana pansi. Mtsikanayo sanazindikire kanthu. Anali mwana wabwino, ankanena za chitsamba basi.

Ine ndinaimika dzanja. Ndinati mwanangu, mjigo wathu unafa kalekale, boma likuti lilibe ndalama, nanga zophera maluwa lazitenga kuti? Anaseka n'kunena kuti ndalamazo ndi zathu zomwe, za msonkho umene timapereka tikagula shuga ndi sopo, kungoti thumba la mijigo ndi lina, la zitsamba ndi lina. Ine ndinkayesa msonkho unatha ndi azungu. Mpaka lero ndikagula sopo ndimayamba ndamuyang'ana, kudzifunsa kuti kodi uyu alowa thumba liti.

Anatilemba ntchito, ine ndemwe ndinalowa m'gulu, poti ankapereka chimanga ndi majombo. Majombo ake ndi omwe aja ukuvala iwe Tendai pokatunga madzi, usawanyoze, ndi a boma. Anati tiyambe tadula, kenako tidzabwerere kudzazula zitsa ndi kupaka mankhwala. Tinadula mphepete mwa mtsinje monse, madzi n'kuonekanso, ana n'kuyamba kusambira pamene ndinkasambira ine. Titangotsala pang'ono kufika kumanda, ndalama zinatha. Mtsikana uja anabwera kudzatiuza yekha, nkhope ili pansi, kuti tidikire chaka chamawa. Mvula itagwa, pamene panali tsinde limodzi panatuluka mphukira zambirimbiri, nkhalango n'kubwerera yothithikana kuposa poyamba. Ndiye kuti tinangoyimeta kuti imere bwino. Mumtima ndinakondwa kuti zikwanje sizinafike pa agogo anu, ndinadandaulanso kuti chimanga chatha. Zonse ziwiri zinali mumtima umodzi womwewu.

Chaka chamawacho sichinafike msanga. Chinafika ndi chilala. Msipu utauma, ng'ombe za a Gwenzi zinayamba kudya masamba a lantana, poti ndi okhawo anali obiriwira. Mphuno zinasupuka, maso anachita chikasu, zinkathawa dzuwa n'kumabisala pansi pa mitengo. Zinafa motsatizana. Ndinawaona bambo aja, munthu wamkulu, atakhala pansi pafupi ndi ng'ombe yawo yolimira, akuisisita khutu. Ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa ndi munthu wosakuwa pa antchito, ndipo ng'ombe imeneyo inkatilimiranso ife timadimba tathu. M'mapulazi ena zinali chimodzimodzi. Ng'ombe zitatha kufa, ndalama zinabweranso.

Zinabwera ndi mtsikana yemwe uja, tsopano ali mayi wa mwana. Ndinamufunsa kuti bwanji ndalama zanuzi zimadikira maliro. Anati, "Gogo, tikapempha chitsamba chili chimodzi, amati vuto lili pati. Tikapempha chitadzaza, amati chachuluka, ndalama sizikwana." Ndinati nanga nthawi yabwino yopempha ndi iti? Anati nayenso akufunafuna.

Ulendo uno anabwera ndi nkhwangwa ndi mankhwala abuluu opaka pazitsa, ndipo anati ayambire kumanda, poti ndiko kunali mbewu yake. Amuna a m'komboni anakana kulowetsa nkhwangwa pamene pagona anthu asanapepese. Mkulu wina anathira ufa, a mpingo anapemphera, tinachita zonse ziwiri kuti pasapezeke wodandaula pansipo. A Gwenzi anaima atavula chipewa n'kunena m'Chishona chawo kuti, "Ndiratidzei pane vanhu venyu, ini handirime pamakuva." Kunena kuti tiwaonetse pamene pali anthu athu, iwo salima pamanda. Uthenga unapita mapulazi onse kuti aliyense amene ali ndi wake adzaime pa chitsamba chake m'mawa wa tsiku lodula. Anabwera ndi ochepa, ambiri anamwalira kapena anapita kutali.

Ndinalawirira, ndinakwawa m'kanjira kanga. Nditatulukira pa agogo anu ndinapeza mayi atagwada, atafunda chitenje, kachitini m'manja. Atacheuka ndinaona kuti ndi Nankhoma, atakalamba ngati ine ndemwe. Tinagwirana manja, tinafunsana za ana, ine ndikuganiza kuti mnzangayu ali ndi mtima wabwino, wayamba wadzaona amuna anga asanapite kwa ake.

"Mwachita bwino kudzandiperekeza, anzanga," anatero Nankhoma. "A Laisoni akondwa."

Ndinati, "A Laisoni ali cha uko. Pano ndi pa a Sitefano."

"Anambewe, ine pano ndasesa zaka zonsezi. Ndimalowera njira ya kudamu. Njerwa iyi ndinaika ndine."

"Ndiye ndinu mumamwetsa mowa mkulu wa mpingo?"

"Nanga timitanda timene ndimapeza pano ndi tanu? Ine ndimayesa a Laisoni atembenuka mtima pansipo."

Musaseke msanga. Tinakangana pamenepo mpaka amuna a nkhwangwa anafika n'kutipeza titagwira tsinde limodzi, wina uku wina uku. Ine ndinkati chulu ndi icho. Nankhoma ankati chulu chimenecho n'chatsopano, chakale anthu anagumula kuumbira njerwa, ndipo ankaloza chitsa china chowola kuti musasa unali pamenepo. Ine ndinkati chitsa chimenecho si cha musasa. Atadula zitsamba zozungulira tinayendayenda kufunafuna njerwa ina. Tinazipeza zambirimbiri, poti mkazi aliyense ankaika yake, ndipo ng'ombe ndi madzi zinali zitazimwaza. Mitumbira panalibe ndi umodzi womwe. Amene anakumba mandawo onse anatsogola. Mnyamata wina anati tingofukula tione, tonse awiri tinamukalipira pamodzi, ndipo kumeneko ndiko kugwirizana kwathu koyamba tsiku limenelo.

Tinamupempha mudhumeni kuti atisiyire chitsamba chimodzi chokhachi. Anagwada pansi potiyankha, anati sangathe, chimodzi chimakwanira mbalame kudzazanso dambo lonse, ndipo ng'ombe zidzafanso. Sindinamutsutse, ng'ombezo ndinaziona ndi maso anga. Anadula. Anapaka mankhwala abuluu pachitsa. Ine ndinalira, Nankhoma analira, koma ndikuuzeni zoona, sindinkadziwa kuti ndikulira ndani.

A Gwenzi anasunga mawu awo. Pamene anthu analoza anatchingapo ndi waya, kamalo kakang'ono, chitsa chathu chili pakati. Kunja kwa wayako kunalibe woloza, nthaka inangokhala yosalala ngati munda wina uliwonse, ndipo mvula itagwa analimako chimanga. Sindingawanene. Sindinganenenso kuti ndalama za boma zinapita pachabe, chifukwa msipu unabwerera, ng'ombe zikumwa kumtsinje, ndipo mtsikana uja amabwerabe kudzazula tomera tatsopano ndi manja ake, ngakhale thumba lake litauma. Koma nthawi imene kunali nkhalango ndinkadziwa pamene amuna anga agona. Atayeretsa kuti paoneke bwino, m'pamene ndinawataya. Inu ophunzira mundiuze kuti zimenezi zimatheka bwanji.

Chitsa chija chitawola tinazikapo chitsulo cha pulawo. Bambo anu anabwera ndi penti kuti alembepo dzina, anafunsa kuti alembe liti, ine ndi Nankhoma tinangoyang'anizana. Anajambulapo mtanda wokha. Kuchokera pamenepo tinkapita limodzi, iye ndi kachitini kake, ine ndi nyimbo zanga. Ndinamuuza kuti azithira mowawo chapatali pang'ono, iye anati nanenso ndiziimba motsitsa, a Laisoni sankakonda phokoso la tchalitchi. Tinapangana kuti wotsogola adzatenge kumanja, wotsala kumanzere. Nankhoma anatsogola chaka chatha, ndipo ndimamusowa, chifukwa ndi iye yekha amene ankamvetsa kusamvetsa kwangaku.

Ndiye mukawauze bambo anu kuti za ku Ruwa aiwale. Adzandiike kumanzere kwa chitsulo chija. Ngati pakatipo pali a Sitefano, ndiye kuti chaka chonsechi agona pambali pa mkazi wa mwini, ndipo ndikadzafika adzandifotokozera bwino, ngakhale mawu amagula. Ngati pali a Laisoni, ine amene sindinayang'anepo mwamuna wina ndidzagona pafupi ndi chidakwa mpaka lipenga lidzalire. Sekani, nanenso ndimaseka.

Koma ngati ndi a Laisoni, ndiye kuti agogo anu ali kunja kwa waya, okhaokha, pansi pa chimanga cha a Gwenzi. Munda umenewo ndi umene ndimapalira. A Gwenzi amati ndakalamba, mzere umodzi ndimathera m'mawa wonse anzanga atafika kale kumapeto. Khasu ndimaliponya mopepuka kuti lisalowe kwambiri, poti sindikudziwa kuti mutu wawo uli pati.